Sikeletoni m'Munda wa ku Njanji

Pafamu, Narembeen
16 Disembala 1974

Achimwene Neville,

Ndikhulupirira muli bwino ku Junee pamodzi ndi alamu anga a Marlene ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa likuotcha ndipo ntchentche zatiyesa ndiwo. Bambo ali bwino m'thupi. Kalata yanu yomaliza inafika nkhosa zisanametedwe, ndiye ngati dzanja linathyokera ku ntchito ya sitimayo, mutiuze tikupepeseni.

Ndili ndi nkhani. Foni sindingaimbe. Mukudziwa nokha kuti waya wathu wa foni ndi mmodzi wa nyumba zisanu ndi imodzi, ndipo ikangolira, mayi Hocking amanyamula msanga kuposa mwini wake.

Lachinayi tinkakolola tirigu m'munda wa ku njanji uja. Bambo anali pa makina, ine ndikudikira ndi lole pageti. Ndinangoona makina aima pakati pa mzere. Nditafika ndinawapeza atagwada kutsogolo kwa mipeni, akusolola timitengo tobiriwira, tolimba ngati waya, topanda masamba, tili ndi timaluwa tachikasu. M'manja mwawo munali utomoni woyera. Ndinati, "Ababa, chimenechi n'chiyani?" Anati, "Tchire." Ndinati, "Tchire lanji lobiriwira mu Disembala, zonse zitauma?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Glenys, sunaone kanthu. Katenge thumba."

Anadula zonse, n'kukatentha mumgolo kuseri kwa shedi. Tsiku limenelo nyama inabwerera m'mbale osaikhudza.

Achimwene, ndikuopa kuti ndi sikeletoni, udzu uja uli pachithunzi ku holo, womwe boma likuti aliyense akauona anene. Inu munachoka zisanayambe izi. Chaka chatha unapezeka kwa a Bignell. Munda anawatsekera, makina awo palibe amene amabwereka, mbewu yawo palibe amene amagula, ndipo akalowa m'tchalitchi anthu amayamba kuwayang'ana nsapato asanawapatse moni. Bambo athu omwewa anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti munda womera sikeletoni ndi wa mlimi waulesi. Anthu anaomba m'manja.

Inu mukukhala kumene udzuwu unayambira. Ndiuzeni, ndingaudziwe bwanji kuti ndi womwewo? Mukamalembera bambo musatchule kanthu.

Ndine mlongo wanu,
Glenys

*

Junee
5 Januwale 1975

Mlongo wanga Glenys,

Chaka chabwino kwa iwe ndi mdala. Tonse tili bwino, kupatula Marlene yemwe akudandaula kuti sunanene ngati keke yake inafika. Dzanja langa ndi lamoyo, zikomo pofunsa.

Iwe sunasinthe. Uli wamng'ono unkaona chingwe cha mabelo a udzu n'kuthamangira kwa amayi kuti waona njoka. Zomera za utomoni woyera ndi maluwa achikasu n'zambiri. Letesi wa kutchire ali choncho, ndipo wadzaza m'mbali mwa njanji iliyonse. Kuchokera kuno kufika kwanu ndi masiku atatu pa sitima, pakati pali chipululu, ndiye sikeletoni akakufuna iwe bwanji?

Komabe kuti mtima ukhale pansi, chita izi. Gwada, uyang'ane tsinde pamwamba pang'ono pa dothi. Sikeletoni amakhala ndi ubweya wolimba, wofiirira, woloza pansi. Kenaka kumba. Muzu wa letesi umatha msanga. Wa sikeletoni sutha.

Tsopano ndinene monga mkulu wako. Ndikudziwa kuti kukhala ndi mdala uja awiriwiri, chimwalirireni amayi, si masewera. Ngati watopa ndipo ukufuna ndibwere ndidzakupumitse, ungonena. Palibe chifukwa chondiopsezera ndi udzu.

Undiuze kuti tirigu watuluka bwanji chaka chino, komanso ngati galu uja adakali ndi moyo.

Neville

*

Pafamu
21 Januwale 1975

Achimwene,

Moni kwa nonse. Keke inafika yophwanyika mbali imodzi, koma tinadya ndipo alamu muwathokoze. Galu alipo. Zoti ndikukuopsezani kuti mubwere ndakukhululukirani, poti munabadwa choncho. Ndikanafuna wondithandiza, ndikanaitana munthu wodziwa kudzuka m'mawa.

Ndinapita tsiku lomwe bambo anatengera nkhosa ku msika. Pomwe anadula paja paphukanso, ndipo tsinde limodzi latulutsa atatu. Ndinagwada monga munanenera. Ubweya ulipo, wofiirira, woloza pansi. Ndinakumba ndi fosholo mpaka mkono wonse unalowa m'dzenje, muzu ukupitabe, kenaka unaduka. Ndinangokhala pansi pomwepo. Ndinaganiza za inu ndi letesi wanu, ndipo mukanakhala pafupi ndikanakugendani ndi chibuma.

Malo ake ndi aakulu ngati khitchini yathu. M'mawa uliwonse ndimapitako ndi sizasi, kudula maluwa asanasanduke njere. Limodzi likandiphonya, ndimapeza kampira ka ubweya woyera, ndipo kamphepo kakangodutsa zonse zapita. Ndakhala ndikuthamangitsa ubweya m'ziputu za tirigu ngati wamisala.

Dzulo ndinalimba mtima pa tiyi. Ndinati, "Ababa, tikanene." Anati, "Kwa ndani? Kwa anyamata a mataye aja, osadziwa kusiyanitsa tirigu ndi balere?" Ndinati, "Akadzaupeza okha zidzaipa kwambiri." Anati, "Adzapeza chiyani? Munda umenewu ndaulima zaka makumi anayi. Palibe udzu womwe unapulumuka pulawo yanga. Mvula yoyamba ikangogwa ndigalauza katatu, ndiye udzandionetse sikeletoni wakoyo." Atatero anawonjezera motsitsa mawu, "Ukufuna anthu aziyang'ana nsapato za bambo ako?"

Udzu uliwonse womwe ndimaudziwa umafa ukagalauzidwa, ndiye mwina akunena zoona ndipo ine ndikungodzizunza. Mukandiuza kuti pulawo imaupha, nditseka pakamwa. Mukati ayi, ndiona chochita. Yankhani msanga, chonde. Mvula timaiyembekezera mu Meyi.

Glenys

*

Junee
2 Febuluwale 1975

Glenys,

Pepa. Ndawerenga kalata yako nditaimirira pageti ndipo nthabwala zonse zandithera. Ndi iyeyo.

Usawalole alimepo. Ngakhale kubisa kiyi wa thalakitala, bisa. Ndawafunsa apongozi anga dzulo, osatchula dzina. Iwo anali ndi kachigawo kakang'ono ngati kako, ndipo anachita zomwe bambo akufuna kuchitazo. Pulawo siupha sikeletoni, imaudzala. Kachidutswa ka muzu kafupi ngati kachala kakang'ono kamaphuka n'kukhala mtengo watsopano, ndipo mano a pulawo amakoka tizidutswato n'kumatigwetsa m'munda monse. Zitatha zaka zitatu makina okolola ankangotsamwa. Tirigu anamusiya, famu anagulitsa theka, ndipo mpaka lero akamayendetsa galimoto sadutsa msewu umenewo. Kuno a zaulimi anabweretsa matenda a chiwawu oti aziudya, ndipo waphwa ndithu, koma mafamu omwe anatha anatha.

Chita izi. Zunguliza waya pamalopo. Pasalowe thalakitala, lole kapena nkhosa. Makina okolola muwatsuke bwinobwino. Kenaka pita ku ofesi ya zaulimi ukanene, panopa, pamene malowo akadali ngati khitchini. Anthu adzalankhula mwezi umodzi n'kuiwala.

Ngati ukuopa kuwauza wekha, apatse kalatayi awerenge. Andikwiyire ine, ndili kutali ndipo ndinazolowera.

Undiyankhe ukangochita.

Neville

*

Pafamu
29 Meyi 1975

Achimwene Neville,

Moni, ngati mudakali moyo. Miyezi inayi yatha ndikudikira yankho la funso limodzi. Lachisanu lililonse bambo akabwera ku positi ndimawafunsa, iwo amati mwangokhala nyuzipepala ndi makalata a mafuta. Poyamba ndinakwiya. Kenaka ndinadziuza kuti chikanakhala choopsa, ngakhale inu aulesinu mukanalemba. Kungoti munthu sachita choncho kwa mlongo wake.

Nkhani yachisoni ndi yakuti a Arnold Kowald, oyandikana nafe aja, anamwalira mu Epulo. Anagwa m'khola la nkhosa, mtima. Mayi Dulcie atsala okha m'nyumba ija.

Mvula inagwa pa 17, yabwino. Bambo analowa m'munda wa ku njanji ndi pulawo ya mano ija. Anagalauza mlitali, anagalauza mopingasa, anabwerezanso. Atatha anandiitana. Panalibe ngakhale tsamba, dothi lokhalokha lofiira. Anati, "Uli kuti?" Ndinaseka, achimwene, koyamba chichokere Khirisimasi. Iwo anabwerera kunyumba akuimba likhweru.

Loweruka linali dima kwa mayi Dulcie. Monga mwa chikhalidwe chathu, mkazi wamasiye salimitsa yekha chaka cha maliro, ndiye amuna onse anabwera ndi zipangizo zawo kuti munda waukulu uja uthe tsiku limodzi. Mathalakitala asanu ndi anayi pamzere. Bambo anachokera m'munda wa ku njanji n'kudzera pageti la m'malire, ndipo poti anali bwenzi lenileni la malemu, anthu anati atsogole ndi iwo. Ife akazi tinali ndi masikono ndi nyama ya nkhosa pansi pa mtengo. Mayi Dulcie anagwira bambo dzanja n'kunena kuti, "Mervyn, ndikubwezerani chiyani ine?" Bambo anati, "Tiyi wokhala ndi shuga wokwanira, osati wa Glenys uja." Aliyense anaseka, maso ali ndi misozi.

Koma pali chinthu chimodzi. Pa nthawi ya chakudya ndinadutsa pafupi ndi pulawo yathu. Pa mano ake panakulungika timizu toyera, tambiri. Ndinawanong'oneza bambo. Anati, "Zouma izo, tasiya." Ndinathyola kamodzi ndi chikhadabo ndipo kanatuluka mkaka. Ndinathothola tomwe ndikanatha n'kuika m'thumba la epuloni, koma anali atazungulira kale m'mawa wonse.

Sindikudziwa ngati ndi kanthu. Kuchokera tsikulo, chakudya sichikundilowa. Lembani, ngakhale mizere iwiri.

Glenys

*

Junee
8 Juni 1975

Glenys,

Ndinakuyankha pa 2 Febuluwale, kalata yako itangofika. Masamba awiri. Nditaona kuti uli chete ndinkaganiza kuti wakanena, ndipo uli pakati pa moto ndi mdala, kapena ukundisungirabe mkwiyo wa letesi uja. Ndinalakwa posalembanso. Marlene anandiuza kawiri kuti ndilembe.

Iyi ndaitumiza kudzera kwa Mavis wa ku sitolo, chifukwa amene amatenga makalata ku positi ukumudziwa.

Zomwe ndinalembazo n'zakuti pulawo imafalitsa sikeletoni. Kamuzu kalikonse komwe unaona pa mano paja ndi mbewu. Dothi linali lonyowa, ndiye tambiri tagwira. Mu Ogasiti uyende m'tirigu mutu uli pansi. Uona timasamba tofanana ndi dzanja lotambasula, togonera pansi. Uyang'anenso kwa mayi Dulcie.

Tsopano si nkhani ya nsapato za bambo ayi. Makina okolola akadzalowa m'minda iwiriyo maluwa atakhwima, njere zidzafika mpaka ku depoti ya tirigu, m'malole a aliyense. Uyenera kunena kukolola kusanayambe. Ukalephera, ndilemba ndine ku ofesiko.

Ndikuopa nanenso, ndisakunamize.

Neville

*

Pafamu
7 Sepitembala 1975

Achimwene,

Moni kwa alamu ndi ana. Kalata yanu Mavis anandipatsa mu Juni. Sindinayankhe chifukwa ndinalibe chabwino chonena. Ndinkadikira Ogasiti ndikupemphera kuti mwalakwitsanso ngati poyamba paja.

Simunalakwitse. M'munda wa ku njanji sikeletoni waphuka m'mizere, kutsata momwe pulawo inadutsira, mlitali ndi mopingasa. Ndinasiya kuwerenga. Tirigu pamwamba ndi wokongola kuposa zaka zonse, anthu odutsa pamsewu amaima n'kumayamikira.

Lachiwiri lina mu Ogasiti ndinawapititsira mayi Dulcie mazira, ndipo pobwerera ndinadzera m'mphepete mwa munda wawo. Ndinayenda pang'ono chabe kuchokera pageti la m'malire. Sikeletoni alipo. Mayiwo anandiona ali pakhonde n'kufuula kuti, "Wataya chiyani, mwanawe?" Ndinati ndolo. Ine yemwe makutu anga sanabooledwe n'komwe.

Kalata yanu ya Febuluwale ndinaipeza. Inali m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto ya bambo, pansi pa nsanza ya girisi, yosatsegula. Ndinaiika patebulo pafupi ndi mbale yawo. Ndinati, "Ababa, iyi inali yanga." Anati, "Ndikudziwa." Ndinati, "Tsegulani muwerenge." Anavala magalasi, anawerenga mpaka kumapeto, anabwereranso poyambira. Nkhope inachita kutuwa. Ndinkadikira kuti akalipe, koma anangofunsa kuti, "Kwa Dulcie wapitako?" Nditavomera anatuluka panja, ndipo ndinawamva akusanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Ndinkaganiza kuti basi, mawa tipitira limodzi ku ofesi. Kutacha anatulutsa chopopera. Masabata awiri tsopano akupopera mankhwala, masamba amapsa, kenaka pakati pamatulukanso kobiriwira. Kwa mayi Dulcie sangapopere popanda kufotokoza, ndiye amangoima pampanda n'kumayang'ana.

Ndinawauza kuti ndikanena. Anati, "Undipatse mpaka tikolole." Ndinati, "Kukolola ndi komwe kukuopsako." Anamenya tebulo. "Ndinanyamula bokosi la Arnold ndi phewa ili. Ukufuna ndikamuuze mkazi wake kuti ndamuphera munda? Ukakanena, Glenys, pakhomo pano tidzakhala anthu awiri osadziwana."

Mukudziwa kuti sanena chinthu kawiri. Chonde musalembe ku ofesi. Akamva kuchokera kwa mlendo wa taye, ziwapha. Ndipatseni nthawi pang'ono. Ndikuopa udzuwu, ndikuwaopa iwo, ndipo ndikuopanso kuti tsiku lina ndidzangozolowera kukhala chete.

Glenys

*

Narembeen
5 Okutobala 1975

Neville,

Ndili bwino. Nkhosa zabereka bwino. Upereke moni kwa mkazi wako.

Ine si wolemba makalata, ndiye ndifupikitsa. Kalata yako ndinaisunga ndine. Sindinaitsegule chifukwa sinali yanga, ndipo sindinaipereke chifukwa ndinkadziwa kuti mwana wokhala kutali amalangiza zokanena ku boma, poti sadzakumana ndi anthu pa sitolo. Ndinkati ndidzaipereka ndikatha kugalauza, tidzasekere limodzi. Zinazo sindinkazidziwa.

Mlongo wako amakumvera. Umuuze adikire. Mankhwala ndasintha, awa ndi amphamvu. Kwa Dulcie ndikakolola ndekha ndi makina anga, pang'onopang'ono, ndizidzatsika kuzula ndisanadutse. Tirigu ameneyo ndi yekhayo ali naye chaka chino. Akamutsekera munda adzadya chiyani?

Sindinakupemphepo kanthu chichokereni kuno. Ndikupempha ichi.

Bambo ako,
M. Tregenza

*

Pafamu
23 Novembala 1975

Achimwene Neville,

Moni. Zachitika, ndiye khalani pansi.

Kumayambiriro kwa mwezi uno timitengo tinakwera kupitirira ngala za tirigu, ndipo ndinaona duwa loyamba kwa mayi Dulcie. Bambo anali atayamba kuthira girisi makina. Sindinapite ku ofesi. Ndinapita kwa mwini munda. Ndinawapeza akusita, ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo, kuyambira pa thumba lija mpaka pa dima. Anazimitsa simbi. Anati, "Mervyn ankadziwa kuti uli m'munda mwake?" Ndinati eya. "Ankadziwa kuti pulawo imanyamula?" Ndinati ayi. Kenaka anati, "Ndipo iwe unandiuza za ndolo." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Foni ya ku ofesi anaimba okha, ine ndili pomwepo, ndipo tinamva timawu ta anthu ena akunyamula m'nyumba zawo.

Nditabwerera ndinawauza bambo. Anatenga chipewa n'kutuluka. Kuchokera pamenepo sanandilankhulepo liwu limodzi.

Lachitatu a zaulimi anabwera, n'kuitana amuna onse kuti adzafufuze. Amaima pamzere motalikirana mikono iwiri, aliyense ndi mtolo wa timbendera tofiira, n'kumayenda pang'onopang'ono, akaona mtengo azike kambendera. Anayambira kwa mayi Dulcie. A Bignell anabwera nawonso, ndipo sananene chilichonse, zomwe zinali zowawa kuposa kutukwana. Bambo sanaitanidwe.

Mzere utangoyamba, ndinawaona akubwera wapansi kuchokera pageti la m'malire. Anthu onse anaima. A Hocking anati, "Merv, pita kunyumba, usadzivutitse." Bambo sanawayang'ane. Anapita kwa mkulu wa a zaulimiwo, mnyamata wa taye ndithu, n'kunena kuti, "Mukayenda choncho mutha sabata ndipo muphonya theka. Ndinalowera apa. Ndinazungulira kutsata mpanda, kenaka, poti mathalakitala anali asanu ndi anayi, mzere wachikhumi ndi wanga, wachikhumi ndi chisanu ndi chinayi ndi wanganso. Nditsateni."

Anayenda patsogolo tsiku lonse, m'dzuwa lija, osamwa ngakhale madzi. Ankakumbukira pokhota paliponse, ngakhale pomwe anaima kuti ayatse fodya. Kumbuyo kwawo anthu ankazika. Dzuwa litapendeka, munda wonse unali ndi mizere yofiira yozungulira, umodzi mkati mwa unzake, ndipo aliyense ankatha kuona ndi maso njira yomwe thalakitala ya bambo inayenda tsiku la dima. Mayi Dulcie anaonerera ali pakhonde, kenaka analowa n'kutseka chitseko.

Minda yonse iwiri aitseka. Tirigu wa m'mizere ya mbendera sakololedwa, ndipo akuti azidzabwera kudzafufuza chaka ndi chaka mpaka udzu utaleka kuphuka. Sanatiuze kuti ndi zaka zingati. Akuti tikanachedwa milungu iwiri, njere zikanalowa m'malole a dera lonse.

Anthu ena akuti bambo ndi mwamuna, ena akuti ndi chigawenga. Kwa ine ndi munthu amene ndikalowa m'khitchini amatuluka. Amadyera m'shedi. Ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali. Ananena kuti tidzakhala osadziwana, ndipo akusunga mawu awo.

Sindingathe, achimwene. Azakhali a Beryl andipezera ntchito pa sitolo ya nsalu ku Perth. Ndinyamuka pa 5 Disembala. Ndawalembera kapepala ndi kukaika pa chopopera chawo, ndipo kapepalako kachoka, ndiye awerenga. Mwina mtima wawo upuma akasiya kundiona.

Adiresi ndidzakutumizirani ndikafika.

Glenys

*

Narembeen
Lachiwiri, 2 Disembala 1975

Neville,

Ndili bwino. Kukutentha.

Mlongo wako akuchoka. Akuganiza kuti ndamuda. Ndinanena mawu oipa mu Sepitembala ndipo iye anawasunga, poti ndinamulera ndine kuti mawu a bambo sabwerera.

Sindinamude. Anachita zomwe ine ndinayenera kuchita chaka chatha, ndipo anachita yekha, akundiopa. Ndimatuluka m'khitchini chifukwa sindingathe kumuyang'ana kumaso. Kwa Hocking ndimatha, kwa Bignell ndinatha, ngakhale kwa Dulcie ndinapita Lamlungu ndipo ndinalankhula naye kudzera pa chitseko. Kwa mwana wanga zikundikanika. Kanayi konse ndafika pakhomo la chipinda chake n'kubwerera.

Ndikuopa nyumba ino iye kulibe. Sindinaopepo chinthu chonchi, ngakhale udzu uja.

Iwe umadziwa kuika mawu. Umulembere, umuuze kuti bambo ake akuti anachita bwino, ndipo asapite.

Ndikudziwa kuti kalatayi ikupeza sabata ya mawa, pomwe sitima yake ndi ya Lachisanu lino. Ndawerengera masiku kawiri. Ndikulembera patebulo la m'khitchini. Iye ali m'chipinda chinachi, ndipo ndikumumva akukoka sutikesi pansi pa bedi.

Bambo ako